Karl Landsteiner, munthu amene anatulukira magulu a magazi

Mwina zinakucitikiranipo. M'bale wanu wagonekedwa m'cipatala, dotolo akuti magazi amucepera, ndipo inu mwathamanga kukapereka anu. Ku banco de sangue ayamba akubayani pa cala, atenga kadontho kamodzi, apima. Kenako akuuzani kuti magazi anuwo awalandira ndithu, koma wodwala wanuyo amuika a munthu wina cifukwa anu sakugwirizana ndi ake. Mumadabwa. Si wa bere limodzi ameneyu? Kwathu kuno timati abale ndi magazi amodzi, nanga zikukanika pati?

Munthu woyamba kupeza yankho la funso limeneli anali dotolo wina wa ku Austria, dzina lake Karl Landsteiner. Anamwalira kalekale, mu 1943, koma kadontho kaja amakutengani pa cala ndi nchito yake. Tiyeni timudziwe.

Mwana wamasiye wa ku Vienna

Karl anabadwa pa 14 Junho 1868 ku Baden, pafupi ndi mzinda wa Vienna. Nthawi imeneyo Vienna linali likulu la ufumu waukulu wa Austria-Hungary, umene unkalamulira mitundu yambiri ya anthu, kuphatikizapo anthu a ku Croatia. Bambo ake, a Leopold Landsteiner, anali mtolankhani wodziwika. Anamwalira Karl ali ndi zaka 6 zokha, ndipo mwanayo analeredwa ndi mayi ake, a Fanny. Awiriwa ankakondana kwambiri. Banja lawo linali la Ciyuda, koma mu 1890 iye ndi mayi ake analowa Cikatolika. Mayiwo atamwalira mu 1908, Karl anasunga cifanizo coumbidwa pa nkhope yawo m'cipinda cake mpaka tsiku la imfa yake.

Anaphunzira udotolo pa yunivesite ya Vienna n'kumaliza mu 1891. Anzake ambiri anapita kukatsegula zipatala zawo, koma iye mtima wake unali pa kufufuza. Anayenda ku Würzburg, ku Munich ndi ku Zürich kukaphunzira sayansi ya kasakanizidwe ka mankhwala kwa akatswiri a nthawiyo, mmodzi mwa iwo anali Emil Fischer. Maphunziro amenewa anamupatsa cizolowezi cimene anafa naco: kupima cinthu kambirimbiri asananene kuti ndi coona.

Atabwerera ku Vienna anagwira nchito pansi pa Anton Weichselbaum, ku cipinda copimira mitembo kuti adziwe comwe capha munthu. Pa zaka pafupifupi 10 anapima mitembo yoposa 3,600. Tangoganizani, tsiku ndi tsiku kugwira maliro. Nchito ya magazi ija ankaicita m'mipata imene inkatsala.

Kuika magazi kunali kucita mwayi

Kuti mumvetse kukula kwa zimene anacita, muyenera kudziwa mmene zinthu zinalili iye asanabwere. Mu 1667 dotolo wina wa ku France, Jean-Baptiste Denys, anaika anthu magazi a nkhosa ndi a thole. Mmodzi mwa odwala ake atamwalira, boma linaletsa mcitidwewu. Patapita zaka pafupifupi 150, James Blundell wa ku London anayamba kuika magazi a munthu mwa munthu mnzake, makamaka amayi otaya magazi ambiri pobereka. Ena anacira. Ena anayamba kunjenjemera, kutentha thupi, kukodza mkodzo wakuda, mpaka kufa. Palibe ankadziwa cifukwa cake uyu wapulumuka pamene uyo wapita. Madotolo ambiri anangosiya, poopa kupha munthu amene akufuna kumuthandiza.

Zinali zodziwika kale kuti magazi a nyama akasakanizidwa ndi a munthu amaundana. Koma anthu ankaganiza kuti magazi a anthu onse athanzi ndi ofanana, ndipo akaundana ndiye kuti mmodzi akudwala. Landsteiner anakayikira zimenezi.

Zimene anaona pa kagalasi

Magazi akawasiya m'kabotolo amagawikana. Pansi pamakhala gawo lofiira, limene ndi timaselo tofiira tambirimbiri. Pamwamba pamatsala madzi acikasu. Landsteiner anatenga magazi ake ndi a anzake a pa nchito, anthu abwinobwino osadwala. Analekanitsa madziwo ndi maselo, kenako n'kuyamba kusakaniza: madzi a uyu ndi maselo a uyo, madzi a uyo ndi maselo a winanso, onse mpaka kutha. Ciliconse cimene waona ankacilemba m'mizere.

Nthawi zina zosakanizazo zinkakhala bwinobwino. Nthawi zina maselo ankamatana n'kupanga timibulu, monga ufa umacitira mukauthira m'madzi owira osatakasa. Atayang'ana mizere yake ija anaona kuti sizikucitika mwacisawawa ayi. Anthu ankagawika m'magulu atatu. Madzi a gulu A ankaundanitsa maselo a gulu B. Madzi a gulu B ankaundanitsa maselo a gulu A. Gulu lacitatu, limene iye analicha C, maselo ake sankaundana ndi madzi a munthu aliyense, koma madzi ake ankaundanitsa a A ndi a B omwe. Gulu C limeneli ndi lomwe lero timati O.

Tanthauzo lake ndi ili. Pa khungu la selo lofiira pali zizindikiro zimene munthu amabadwa nazo. M'madzi a magazi muli asilikali a thupi amene amagwira cizindikiro ciliconse cacilendo. Munthu wa gulu A mukamuika magazi a B, asilikali ake amaona adani, n'kuwaphwanya. Ndiye kunjenjemera kuja ndi mkodzo wakuda uja.

Analemba zimenezi mu 1901, ali ndi zaka 33. Caka cotsatira anzake awiri, Alfred von Decastello ndi Adriano Sturli, anapeza gulu lacinayi, lomwe lero ndi AB.

Mwina mukuganiza kuti dziko lonse linaimba nthungululu. Ayi ndithu, kunali zii. Panapita zaka 6 kuti Reuben Ottenberg, dotolo wa ku New York, ayambe kupima magazi a wopereka ndi a wolandira asanaike, mu 1907. Vuto lina linali loti magazi akatuluka m'thupi amagwirana msanga, ndiye sankasungika. Mu 1914 ndi 1915 madotolo anapeza kuti mankhwala ochedwa sodium citrate amaletsa kugwiranako. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itayamba, asilikali ovulala anali ambirimbiri, ndipo apa ndi pamene nzeru ya Landsteiner inayamba kupulumutsa anthu oculuka.

Mitundu ya anthu isiyana kaculukidwe

Pa nkhondo yomweyo panatuluka cinthu cina cimene tidzacifuna kutsogoloku. Ludwik Hirszfeld, amene anali atasonyeza kale pamodzi ndi Emil von Dungern kuti gulu la magazi mwana amatengera kwa makolo, anali ku Salonika ndi mkazi wake Hanna, nayenso dotolo. Kumeneko kunasonkhana asilikali a mitundu yambiri: a ku Ulaya, a ku India, a ku Senegal, a ku Madagascar ndi ena. Awiriwa anapima anthu zikwizikwi n'kulemba zotsatira mu 1919. Anapeza kuti magulu onse amapezeka mu mtundu uliwonse wa anthu, koma kaculukidwe kake n'kosiyana. Gulu A linali loculuka mwa anthu a ku Ulaya, pamene B linali loculuka mwa anthu a ku India. Kuyambira pamenepo dziko lililonse linafunika kuwerenga anthu ake, cifukwa ziwerengero za eni ake ndi zimene zimauza cipatala magazi oti cisunge.

Apa yankho la funso lathu lija laoneka. Mwana amalandira mbali imodzi kwa bambo, ina kwa mayi. Bambo wa gulu A ndi mayi wa gulu B akhoza kubereka ana a magulu onse anayi. Conco m'bale wanu wa bere limodzi akhoza kusiyana nanu gulu, ndipo mlendo wa ku Lichinga kapena ku Tete amene simunamuonepo n'kukhala wofanana nanu.

Poliyo, njala ndi ulendo

Landsteiner sanaime pa magazi pokha. Pamodzi ndi Viktor Mucha anasonyeza njira yoonera kacilombo ka cindoko pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Mu 1908, ali dotolo wopima mitembo pa cipatala ca Wilhelminenspital, iye ndi Erwin Popper anatenga fupa la msana la mnyamata amene anafa ndi poliyo, n'kubaya apusi madzi ocokera mu mtsempha wa m'katimo. Apusiwo anadwala. Izi zinasonyeza kuti poliyo imayamba ndi kacilombo kakang'ono kwambiri ka mtundu wa vairasi. Katemera amene ana athu amadonthezeredwa m'kamwa anabwera patapita zaka zambiri, koma njira yake inayambira pamenepa.

Anakwatira mocedwa, mu 1916, ali ndi zaka 48. Mkazi wake anali Helene Wlasto, ndipo mu 1917 anabereka mwana wawo mmodzi yekha, Ernst, amene anadzakhala dotolo wa opaleshoni.

Nkhondo itatha mu 1918, ufumu wa Austria-Hungary unagawikagawika. Ku Vienna kunagwa njala, nkhuni ndi malasha zinasowa, ndalama inatha mphamvu. Munthu amene nzeru zake zinali kupulumutsa asilikali m'maiko ena analibe zipangizo zogwirira nchito kwawo. Mu 1919 anasamukira ku The Hague, m'dziko la Netherlands, kumene analembedwa nchito pa cipatala cacing'ono ca Akatolika. Ankapima mikodzo, magazi ndi mitembo m'malo opanikiza, koma kufufuza sanasiye. Kenako Simon Flexner anamuitana ku Rockefeller Institute ku New York, ndipo anafika kumeneko mu 1923, ali ndi zaka pafupifupi 55. Pa msinkhu umene ambiri amayamba kuganiza zopuma, iye anayambanso moyo m'dziko lacilendo, ndi cilankhulo cacilendo.

Ku New York, iye ndi wothandizira wake Philip Levine anapeza zizindikiro zinanso pa maselo ofiira mu 1927, n'kuzicha M, N ndi P. Mu 1929 anakhala nzika ya America. Mu 1930 analandira mphoto ya Nobel cifukwa ca magulu a magazi, patapita zaka 29 cilembere nkhani ija. Anali munthu wosakonda kuonekera, wouma pa nchito, wosakhulupirira msanga ngakhale zotsatira zake zomwe. Analinso ndi mantha. M'zaka zimene Ayuda ankazunzidwa ku Ulaya, anapita ku khoti mu 1937 kukaletsa kuti dzina lake lisalembedwe m'buku la Ayuda ochuka a ku America, poopa kuti tsankho lingavutitse banja lake.

Mayi ndi mwana wa m'mimba

Tsopano tafika pa nkhani imene ikhudza nyumba zambiri. Panali mabanja ena amene mwana woyamba ankabadwa bwino, koma otsatira ankabadwa acikasu, otupa, kapena akufa kale. Palibe ankadziwa cifukwa. Mu 1939 Philip Levine ndi Rufus Stetson analemba za mayi wina amene anabereka mwana wakufa, ndipo atamuika magazi a mwamuna wake, a gulu limodzi la O, anadwala kwambiri. Mu 1940 Landsteiner ndi Alexander Wiener analengeza za cizindikiro cina catsopano. Anabaya akalulu magazi a pusi wa mtundu wa rhesus, ndipo madzi a magazi a akaluluwo anaundanitsa maselo a anthu oyera pafupifupi 85 mwa 100 alionse a ku New York. Cizindikiroco anacicha Rh. Ndi kamtanda kapena kamzere kaja mumaona pambali pa cilembo, monga O+ kapena A-.

Mu 1941 Levine ndi anzake anasonyeza mmene ana aja ankafera. Mayi alibe Rh, bambo ali nayo, mwana watengera bambo. Magazi pang'ono a mwana akalowa mwa mayi, makamaka pobereka, thupi la mayi limapanga asilikali olimbana nawo. Pa mimba yotsatira asilikaliwo amadutsa m'nsengwa n'kukaphwanya maselo ofiira a mwana. Kuyambira mu 1968 pali jakisoni wochedwa anti-D amene amaletsa zimenezi. Mwa anthu a mu Afrika opanda Rh ndi ocepa kuyerekeza ndi ku Ulaya, koma alipo ndithu, n'cifukwa cake ku sikelo ya amayi oyembekezera amafuna kudziwa gulu lanu.

Mapulaketa ndi ana obadwa kumene

Njira imene Landsteiner anatsegula inapitirira iye atapita. M'magazi mulinso tizidutswa ting'onoting'ono timene pa pepala la ku labotale amalemba kuti plaquetas. Nchito yake ndi kutseka bala kuti magazi asiye kutuluka, ndipo amene anaifotokoza bwino anali Giulio Bizzozero wa ku Italy mu 1882. Munthu wathanzi amakhala ndi mapulaketa pakati pa 150,000 ndi 450,000 m'kadontho kocepetsetsa kochedwa microlitro. Akacepa kwambiri, munthu amatuluka magazi osaleka.

Mu 1959, patatha zaka 16 Landsteiner atamwalira, J. J. van Loghem ndi anzake ku Amsterdam anapeza kuti mapulaketa nawonso ali ndi zizindikiro zawozawo zimene zimasiyana munthu ndi munthu. Lero zimachedwa HPA, ndipo zili ndi manambala. Cofunika kwambiri kwa anthu a ku Ulaya ndi HPA-1a. Pafupifupi anthu 98 mwa 100 alionse kumeneko ali naco, awiri alibe. Mayi amene alibe akatenga mimba ya mwana amene watengera cizindikiroco kwa bambo, thupi lake likhoza kupanga asilikali amene amadutsa m'nsengwa n'kukawononga mapulaketa a mwanayo. Si onse amatero, ndi pafupifupi mmodzi mwa amayi 10 otere. Kusiyana kwake ndi Rh n'koti vutoli limatha kugwira ngakhale mwana woyamba.

Mwana wotere amabadwa ooneka wathanzi, mayi naye ali bwino. Patapita maola ocepa pakhungu pake pamaoneka timadontho tofiira ndi zipsera zakuda ngati wamenyedwa. Coopsa kwambiri ndi magazi kutulukira mu ubongo, zimene zikhoza kupha mwana kapena kumulemaza moyo wake wonse. Mwa anthu a ku Ulaya vutoli limagwira pafupifupi mwana mmodzi mwa 1,000 kapena 2,000 obadwa. Mankhwala ake ndi kumuika mapulaketa, makamaka opanda cizindikiro cimene cikumenyedwaco. Asilikali a mayi aja amatha okha m'thupi la mwana pakapita milungu ingapo, ndipo mapulaketa amabwerera m'malo. Pa mimba yotsatira mayi amatha kupatsidwa mankhwala a m'mitsempha oteteza mwanayo.

Dziko la Croatia, limene pa nthawi ya unyamata wa Landsteiner linali mu ufumu umodzi ndi Vienna, ndi limodzi mwa maiko amene anawerenga anthu ake. Ku Zagreb kuli likulu la boma loona za kuika magazi, kumene amapima amayi ndi ana amene akukayikiridwa kuti ali ndi vutoli. Kafukufuku anasonyeza kuti kaculukidwe ka zizindikiro za HPA mwa anthu a ku Croatia sikasiyana kwenikweni ndi ka anzawo a ku Ulaya, conco zizindikiro zoyamba kuziyang'ana ndi HPA-1a ndi HPA-5b. Kuwerengako kuli ndi phindu looneka. Ngati opanda HPA-1a ndi awiri okha mwa 100, muyenera kupima opereka magazi mazanamazana kuti mupeze ocepa oti muziwaitana mwadzidzidzi. Ndipo muyenera kuwadziwiratu, cifukwa mapulaketa amasungika masiku 5 mpaka 7 basi, pamene mwana wotuluka magazi sangadikire. Ku Japan zinthu n'zosiyana: opanda HPA-1a ndi osowa kwambiri, ndipo cimene cimavuta kawirikawiri ndi HPA-4. Ndi phunziro lomwe lija la ku Salonika, loti dziko lililonse liwerenge anthu ake.

Inu amene mukuwerenga, sungani ici. Mwana wakhanda akaoneka timadontho tofiira pakhungu, akatuluka magazi osaleka pa mcombo, kapena akasanduka wacikasu tsiku loyamba lomwe, thamangani naye ku cipatala tsiku lomwelo. Zoyambitsa zake n'zambiri, zina ndi matenda wamba olowa m'magazi, ndipo ndi acipatala okha angasiyanitse. Ngati zinacitikapo pa mwana wina, auzeni anamwino pa mimba yotsatira. Ndipo pasakhale kulozana zala m'banja. Mayi sanalakwe, bambo sanalakwe, palibe anawalodza. Aliyense anabadwa ndi zizindikiro zake.

Masiku omaliza

Landsteiner anapuma pa nchito mwa lamulo mu 1939, koma anapitiriza kubwera ku labotale tsiku ndi tsiku. Mkazi wake Helene anadwala khansa ya pakhosi, ndipo nkhawa ya matendawo inamufooketsa kwambiri. Pa 24 Junho 1943 mtima unamugwira ali pa tebulo lake la nchito, kacubu kopimira kali m'manja. Anamwalira patapita masiku awiri, pa 26 Junho, ali ndi zaka 75. Helene anamutsatira pa Khirisimasi caka comweco. Onse awiri anaikidwa pa cilumba ca Nantucket, kumene ankakonda kukapuma.

Dziko la Austria linaika nkhope yake pa ndalama ya pepala ya 1,000 schilling mu 1997. Kuyambira mu 2004, tsiku lake lobadwa, 14 Junho, ndi tsiku limene dziko lonse limathokoza anthu opereka magazi. Ngati muli ndi thanzi ndipo msinkhu wanu ukulola, pitani ku cipatala ca pafupi mukapereke. Akakubayani pa cala paja, funsani gulu lanu, mulilembe pa kapepala, musunge pamodzi ndi ciphaso canu.